Ana a Waya

Inu ana anga mumandidziwa kuti ndine wa pakamwa pakuthwa, ndipo sindikana. Zaka makumi atatu ndavala yunifolomu yoyera, ndipo pakamwa pomwepa ndi pamene pankayendetsa wodi ya ana madokotala akasowa. Koma chilipo chaka china chimene pakamwa panga panachotsa mwana wa eni kusukulu. Nkhaniyi sindinakuuzenipo. Ndailemba ndidakali moyo kuti amene ali ndi funso abwere adzandifunse pamaso.

1994

Za kwathu ku Dowa mukuzidziwa kale. Unamwino ndinayambira pa kachipatala ka kumudzi, kenako anandisamutsira ku Lilongwe, ndipo tinapeza nyumba ija ya ku Area 25. Chaka chimenechi kuchipatala kwathu kunabwera dokotala wina wachizungu, mayi wamtali, ali ndi mabokosi asanu. Chichewa ankadziwa mawu amodzi okha, akuti "dikirani", ndipo ankawanena kwa aliyense, ngakhale kwa matroni. Sabata isanathe dzina lake linali Dikirani.

Matroni atafunsa kuti ndani akufuna kugwira naye ntchito, anzanga onse anayang'ana pansi. Anali atamva kuti mzunguyo wabwera ndi makina olumikiza mawaya kumitu ya ana. Ine ndinaimika dzanja, osati chifukwa cha kulimba mtima ayi, koma ndinkafuna kuona chimene chinali m'mabokosimo. Chibadwire changa, chinthu chotseka chimandiyabwa.

Tsiku loyamba Dikirani anandiuza mu Chingerezi kuti ubongo wa munthu uli ndi magetsi ake, ochepetsetsa, ndipo makinawo salowetsa magetsi m'mutu koma amangomvetsera amene alimo kale. Ine ndinati, "Adokotala, ngati m'mutu muno muli magetsi, nanga bwanji kunyumba kwanga timadyera pa koloboyi?" Iye anaseka, nandikhazika pampando. Anamata timawaya pamutu panga ndi phala loyera, nandiveka zomvera m'makutu. M'makutumo munayamba kulira kuti pii, pii, pii, ndipo mwa apo ndi apo kankalira kena kokwera, kuti tswii. Anandiuza kuti ndiziwerenga chamumtima tokwerato. Titamaliza anatembenuzira kwa ine galasi la kompyuta. Panali mzere umodzi, ndipo pamzerepo panali kaphiri.

"Apa," anatero, "ndi pamene ubongo wanu wanena kuti aka n'kosiyana ndi tinzake. Sekondi imakhala isanathe n'komwe."

Abale inu, ndinakhala kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezo ndinali kuyeza kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, magazi, mkodzo. Koma ganizo la munthu, kuliona likudutsa pagalasi! Ndinamuuza kuti abwerezenso, nabwereza, kaphiri kaja nkutulukanso pamalo pomwepo. Anandifotokozera kuti kwa mwana wamng'ono kaphirika kamachedwa kubwera, ndipo akamakula kamafulumira. Iye ankafuna kudziwa ngati njala ndi malungo aakulu zimachedwetsa kaphirika. Pomaliza anaimika chala. Anati kaphiri ka mwana mmodzi sikanena kanthu, pakuti mwana akhoza kukhala wotopa kapena wamantha tsiku limenelo. Timapiri timeneti timayankhula tikakhala ta ana ambirimbiri pamodzi. "Musadzauze kholo lililonse zotsatira za mwana wake." Ndinavomera ndi mutu, ndipo ndinamvadi.

Anatipatsa kachipinda kamene kale kanali kosungiramo matiresi. Ana ankachokera mbali ziwiri, ku Area 25 ndi ku Mgona, a zaka zisanu ndi chimodzi mpaka zisanu ndi zinayi, ndipo galimoto inkawatenga ndi amayi awo Lachiwiri ndi Lachinayi. Posakhalitsa ku Mgona anayamba kuwatchula kuti ana a waya. Mavuto analipo. Magetsi a m'chipinda ankathima pakati pa ntchito, ife n'kuyambiranso. Phala lomatira lija linatha, lina silinabwere, ndiye ine ndinaphika phala la ufa wa chinangwa n'kuthiramo mchere, ndipo linagwira ntchito mpaka Dikirani analemba kaphikidwe kake m'buku lake. Amayi ankabwera ndi ana atawasambitsa n'kuwadzoza vaselini m'mutu monse, waya osamata, ine n'kuyamba kutsuka mitu yotsukatsuka kale. Lumo sitinkaligwira n'komwe, chifukwa palibe mayi akanalola kuti tsitsi la mwana wake litsale m'nyumba ya eni.

Vuto lalikulu linali kukhazika mwana phee. Akaphethira kwambiri, akatafuna, akatembenuka, mzere uja unkasanduka ngati pamene papalasa nkhuku, ndipo ntchito ya m'mawa wonse inkapita pachabe. Mayi aliyense wobwera ankalandira paketi ya shuga ndi sopo wamtanda, ndipo lamulo la Dikirani linali lakuti alandire onse, kaya mwana wakhazikika kaya ayi. Ine zinandikwana. Tsiku lina ndinatulukira pakhonde pamene panali amayi a ku Mgona, n'kunena mu Chichewa chimene Dikirani sakanamva: "Tamverani kuno. Kuyambira lero, mwana akandivinira pampando, shuga palibe. Kuno si kumsika." Amayi awiri ndinawabwezadi chimanjamanja. Kwa a ku Area 25 sindinanene zimenezi, pakuti anali anansi anga, ena a mvano umodzi ndi ine, ndipo ndikanaonana nawo bwanji Lamlungu?

Patangopita masabata awiri, ana a ku Mgona anasanduka angelo. Ankakhala duu, manja pamaondo, maso ali lende, osatakataka. Ine n'kumadziguguda pachifuwa kwa anzanga kuti mwana amafuna liwu basi. Mizere inkatuluka yosalala bwino, koma kaphiri kawo kankachedwa, ndipo ambiri ankasokoneza kuwerenga. Dikirani ankapukusa mutu mwachisoni n'kumalemba. Palibe anadabwa, chifukwa n'zimene tonse tinkayembekeza kwa ana a kumalo osauka.

1995

Kumayambiriro kwa chakachi kunabwera mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, dzina lake Asiyatu. Anali mu Sitandade 1, mmodzi wa ana amene anakhamukira kusukulu italengezedwa kuti ndi yaulere. Iyeyu anabwera ndi makolo onse awiri. Bambo ake, Che Jafali, anali Myao wa ku Mangochi, wokhoma mbaula ndi zidebe ku Mgona, munthu wofatsa, zala zake zili ndi zipsera za malata. Asiyatu anakhala pampando ngati thumba la chimanga. Nditamufunsa kuti tokwera tija tinalira kangati, anangondiyang'ana, milomo ili youma. Kaphiri kake kanabwera mochedwa kuposa ka mwana wina aliyense amene tinamuyeza.

Dikirani atatuluka, Che Jafali anandiyandikira, pepala la mzere wa mwana wake lili m'manja mwanga.

"Asisitala, ndifunseko pang'ono. Pamenepo mwaona chiyani?"

"Zimenezo sitinena, bambo. Ndi za adokotala."

"Adokotala amangolemba. Odziwa ndinu, tonse tikuona. Ndikufunsa chifukwa amake awa ali ndi khanda, ndiponso amakazinga zitumbuwa. Akufuna wowaberekera mwana. Ine ndakhala ndikukana, ndikuti mtsikanayu aphunzire. Ndiye mundiuze ngati m'bale wanu: mutuwu ndi wa sukulu?"

Ana anga, kuyamikiridwa n'koledzeretsa kuposa kachasu. Mawu akuti "odziwa ndinu" anandilowa mpaka kumapazi. Ndinatambasula pepala lija pamaso pake, n'kumulozera ndi cholembera. Ndinati, "Mukuona apa? Kaphirika kanayenera kukhala apa. Kake kali uku. Mutu wake ukuchedwa, bambo."

Sanakwiye. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Zikomo, mwandithandiza." Amake anangokonza khanda kumbuyo. Ndinawapatsa shuga ndi sopo, ndipo pofika madzulo ndinali nditaiwala.

Lolemba lililonse m'mawa Dikirani ankayesa makinawo pa ine, kuti aone ngati akugwira bwino, chifukwa kaphiri kanga ankakadziwa ngati chikhatho chake. M'mwezi wa Juni, kukuzizira, ndinagwidwa ndi chimfine. Ndisananyamuke kunyumba ndinamwa kapiritsi kachikasu kaja ka chimfine, kogulitsidwa m'magolosale, kamene kamabweretsa tulo. Titamaliza kuyesa, Dikirani anakwinya nkhope, nagwiragwira mawaya, nabwerezanso. Kenako anaseka. "Sisitala, kaya makina afa, kaya inu mwabwerera ku ubwana. Kaphiri kanu kachedwa lero."

Chidwi changa chija chinadzuka. Kachedwa bwanji, mutu ndi womwewu? Sindinamuuze kanthu, koma Lachitatu ndinabwera osamwa piritsi, n'kumupempha kuti andiyesenso. Kaphiri kanabwerera pamalo pake. Lachisanu ndinamwa dala. Kanachedwanso. Ndinasangalala ngati mwana wotola ndalama, kuti taonani, kapiritsi kang'onong'ono kakukoka ganizo la munthu wamkulu ngati ine. Ndinapita kukamwa madzi chifukwa kukamwa kunali gwaa, ndipo ndili pampopi pomwepo ndinakumbukira milomo ya Asiyatu. Kapu ndinaiika pansi osamwa.

Lachiwiri ndinakwera nawo galimoto yobweza ana ku Mgona. Ndinavala juzi ndi chitenje pamwamba pa yunifolomu, n'kutsikira pa kagolosale kena pafupi ndi pamene galimoto inkaima. Ndinauza bambo wogulitsayo kuti ndikufuna mapiritsi a chimfine.

"A chimfine chenicheni, kapena a waya?" anandifunsa.

"A waya ndiye ati?"

"Ndi omwewa, mayi. Kungoti a waya timagulitsa theka, ndinadula kale. Mwana wanu akupita liti? Mumpatse galimoto ikangotulukira apo, pofika kumeneko ali phee. Kuli sisitala wina kumeneko, eee, mkango! Mwana akangoyetsemula, shuga mwaluza."

Ndinagula theka limodzi, sindikudziwa kuti chifukwa chiyani, n'kufunsa njira ya kwa Che Jafali. Ndinawapeza potsatira kulira kwa nyundo. Ndisanafike ndinamva mayi wina akufuula, "Iwe Chedwa, mwanayo akulira, sukumva?" Ndipo ndinaona Asiyatu akutuluka kuseri kwa nyumba, khanda kumbuyo, beseni la zitumbuwa pamutu. Inali nthawi ya sukulu. Nkhani ya pepala lija inali itafala mumzere monse, ndipo dzina linali litamera kale mizu.

Amake sanabise. Anati, "Asisitala, tonse timatero. Anzanga amapereka theka. Koma uyu ndi wosakhazikika, amafunsa mafunso ngati wapolisi, ndiye tsiku lija ndinampatsa lathunthu."

"Nanga bwanji simunanene pamene ndinkalankhula ndi bambo ake?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Ndinene pamaso panu? Ndi shuga ali m'manja mwanu? Komanso ine ndikanadziwa bwanji kuti piritsi ndi pepala n'zogwirizana? Inu ophunziranu munati mutu."

Ndinagwira njakata masiku atatu. Ndikanena, ntchito ya miyezi yambiri inali yotaya, ndiponso ndinayenera kuulula zinthu ziwiri: kuti ndinasintha lamulo la shuga, ndi kuti ndinauza kholo zotsatira. Bambo anu, Mulungu awasunge kumene aliko, anati, "Ingouzani azimayiwo mwakachetechete kuti asiye mapiritsi. Zakale zikhale zakale. Mzunguyo adzapita kwawo, ife tidzatsala ndi lendi." Nzeru imeneyo inali yabwino kwa ine. Koma Che Jafali anakhulupirira pepala, ndipo ndinadziwa kuti sangasinthe maganizo popanda kubwereranso pamakina. Makinawo kiyi wake anali ndi Dikirani.

Lachisanu ndinaika theka la piritsi lija patebulo pake n'kunena zonse, kuyambira pakhonde paja mpaka kwa Asiyatu. Nkhope yake inafiira mpaka m'khosi. Anaimirira, nati, "Dikirani," natuluka. Ndinadikiradi, thukuta lili kamukamu m'mwezi wozizira. Atabwerako anali ndi katoni, ndipo anayamba kuikamo mafayilo onse a ku Mgona limodzi limodzi. Anandiuza kuti za shuga akhoza kuzimvetsa, chifukwa nayenso anakondwa ndi ana ofatsa osafunsa kuti afatsa bwanji. Koma za pepala lija anati, "Munatenga chinthu chimene ngakhale ine sindikuchimvetsa bwino, n'kukachipereka kwa bambo ngati chigamulo cha khoti." Mawu amenewo anandipweteka chifukwa anali oona. Anati ndimalize naye chaka, kenako ndibwerere kuwodi, ndipo zinaterodi.

Sabata yotsatira Che Jafali anabwera ndi Asiyatu, popanda piritsi. Mayo ine, anali mwana wina! Ndisanamate waya woyamba anali atanyambita kale phala langa n'kufunsa chifukwa chake muli mchere. Anafunsa kuti mawayawo amamva bwanji popeza alibe makutu. Anafunsa ngati mzunguyo amatha kuona zimene iye akuganiza za ine. Tokwera tija tikalira, ankatembenuka kufuna kuona kumene tikuchokera. Tinayesa katatu, ndipo katatu konse mzere unali wa nkhuku zopalasa. Kaphiri sikanaoneke n'komwe. Ine mtima unali m'malere, pakuti ndinalonjeza bambo ake pepala latsopano.

Ndikuchotsa mawaya, Asiyatu anati, "Asisitala, simundifunsa? Tokwerato tinalira makumi atatu ndi kasanu ndi kawiri. Koma ulendo wachiwiri uja munadula tisanathe, tinangolira khumi ndi kanayi."

Ndinamasulira. Dikirani anayang'ana pagalasi, nawerenga, n'kugwira pakamwa. Manambala onse awiri anali omwewo.

Ndinatembenukira kwa Che Jafali. Ndinati, "Bambo, ndinakunamizani osadziwa. Mwanayu mutu wake ulibe vuto. Linali piritsi, ndipo piritsilo linabwera chifukwa cha ine. Mum'bweze kusukulu, chonde."

Anasisita chipsera cha pachala. Kenako anati, "Asisitala, tsiku lija munalankhula muli ndi pepala, kaphiri kakuoneka. Lero mukulankhula ndi pakamwa pokha. Ine ndamva, kuwerengako ndaonanso ndi maso anga. Koma anthu a kwathu kuja ndikawaonetsa chiyani?"

Dikirani anamulembera kalata, ine n'kumasulira m'munsi mwake, koma kalata si chithunzi.

Asiyatu anabwereradi kusukulu chaka cha maphunziro chotsatira. Anzake anali atapita patsogolo, iye wamtali pakati pa tiana, ndipo dzina lija linamutsatira mpaka m'kalasi. Akalakwa samu, ana ankati ndi Chedwa, m'pake. Akakhoza, ankati waonera. Ndinkapita kukamuona, mwina kawiri pa chaka, kenako ntchito ya kuwodi inandimeza. Ndinadzamva kuti analekera mu Sitandade 5. Madzi akatayika saoleka, ndipo amene ndinawataya ndine.

Nditapuma pa ntchito

Tsiku lina ndikugula tomato pamsika wa ku Area 25 kuno, mayi wogulitsa anandigwira dzanja. "Asisitala a waya!" Anali Asiyatu, atanenepa, akuseka. Tikucheza choncho anagulitsa anthu atatu, mitengo akuiphatikiza m'mutu wogula asanatsegule n'komwe chikwama. Mnzake wa benchi loyandikana anamuitana kuti amubwereke mpeni, ndipo dzina limene anamuitanira linali lomwe lija. Iye anayankha ngati ndi dzina la pa ubatizo kapena la kumzikiti.

Pansi pa benchi panali kamtsikana kakusanja zivindikiro za mabotolo m'mizere. Asiyatu anatsitsa mawu. "Asisitala, makina aja alipobe? Ndimafuna mumuyezeko Amina uyu. Wakwana zaka zisanu ndi ziwiri, koma bambo ake akukana kukamulembetsa kusukulu. Akuti n'kutaya nthawi, watengera ine."

Tomato ndinamusiya pabenchi pomwepo. Ndinagwada, mawondo okalambawa akulira, n'kufunsa kamtsikanako kuti zivindikirozo zilipo zingati. Sikanayankhe funso langa. Kanandiyang'ana m'maso n'kufunsa kuti, "Agogo, magalasi anuwo mukavula, mumaona chimodzimodzi kapena zinthu zimasintha?"

Ndinauza amake kuti makinawo anapita kalekale, ndipo akanakhalapo sindikanamuikapo. Madzulo omwewo ndinapita ku Mgona kwa bambo ake a mwanayo. Pakamwa panga paja ndinapagwiritsa ntchito monse mmene mumapadziwira, ndipo anansi anatuluka kudzaonerera. Lolemba m'mawa ndinamugwira dzanja Amina mpaka ku ofesi ya ahedi.

Ndiye mukabwera kuno n'kupeza kamtsikana pakhonde panga kakulemba homuweki, kakukufunsani mafunso mpaka mutu kuwawa, musamakathamangitse, ndiponso musamati amayi akalamba, akungotola ana a eni. Muzikayankha. Ndipo wina wa inu ndikadzamumva akukauza kuti kakhale phee, adzaona chimene anaona a ku Mgona.